Yu Ping Feng San: alipo anamwapo?

Wa ku Beijing:
Abale, ndili kuno pa sukulu chaka chachiwiri. Kuzizira kukangoyamba mu Novembala, chimfine sichindisiya, ndipo ndimatuluka thukuta ngakhale nditangokhala. Mnzanga wa m'kalasi wandipatsa timapaketi ta Yu Ping Feng San, mankhwala azitsamba a kuno ku China, ufa wosungunula m'madzi otentha. Akuti agogo ake ankamumwetsa ali mwana. Ndimwe kapena ndisiye?

Mlongo wa ku Guangzhou:
Achimwene, ndinamwapo. Muli mizu itatu basi: huang qi, imene ena amaitcha astragalus, bai zhu ndi fang feng. Dzina lakuti Yu Ping Feng San limatanthauza ufa wotchinga mphepo ngati chotchinga cha jade, mwala wamtengo wapatali. Asing'anga a kuno amaupereka kwa anthu ngati inu, ogwidwa chimfine kawirikawiri komanso otuluka thukuta popanda chifukwa. Koma ndi wodzitetezera musanadwale. Thupi likatentha kale, amati mudikire kaye. Kukoma kwake n'kotsekemera pang'ono, sikuwawa ngati nimu ayi.

Namwino Wopuma:
Mwanawe, thukutalo limabwera usiku? Ukutsokomola kwa masabata angati? Ukuwonda? Ngati ndi choncho, kayezetse TB usanayambe za mizu. Ndipo amene akumwa mankhwala ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha thupi, monga amene anaikidwa impso ya munthu wina, asakhudze huang qi osafunsa dokotala. A ma ARV nawonso afunse kaye.

Wa ku Beijing:
Zikomo amayi. Usiku ndimagona bwino, ndi masana okha. Komabe Lachiwiri ndipita ku chipatala cha pa sukulu, paketiyo ndiitengera konko akaione.