Mashini a chikole abedwa: alipire ndani?

Mlembi: Amayi ndi abambo, nkhani ija yakula. Mayi a ku Makata anatenga ngongole ya K150,000 m'gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama, chikole n'kupereka mashini osokera omwe tinagwirizana kuti ndi a K200,000. Mbava zathyola kwa a Msungichuma ku Ndirande, mashini apita. Eni ake akuti ngongole yathera pomwepo, tiwaonjezerenso K50,000.

A Shehe: Chikole pa Chisilamu timati rahn, chili mu Qur'an, Surat al-Baqarah ndime 283. Kwa Imam Shafi'i, katswiri wa malamulo a Chisilamu yemwe ambirife kuno timatsata, chikole ndi amana, chinthu chongosungitsa. Chikabedwa wosunga asanalakwitse kanthu, salipira, ndipo ngongole imakhalabe yonse. A Hanafi, otsatira Imam wina, Abu Hanifa, amati ayi: yerekezani mtengo wa chikole ndi ngongole, chochepacho ndiye chafa. Apa K150,000 yafa, koma K50,000 yapamwambayo ndi amana, sabweza. Ndiye zoonjezera zija palibe amene akuzivomereza.

Tcheya: Nanga poti gulu lathu ndi losakanikirana, a Shehe?

Bambo a ku Chirimba: Kukhoti safunsa chipembedzo. Wosunga chikole ndiye amayenera kuonetsa kuti anasamala, osati mwini katundu kuonetsa kusasamala. A Msungichuma abwere ndi lipoti la polisi, chithunzi cha loko wothyoledwa, mboni, komanso anene chipinda chomwe mashiniwo anali. Kungoti "abedwa" sikukwanira.

A Shehe: Pamenepo mwafanana ndi a Maliki, otsatira Imam Malik. Iwo amati chinthu chobisika mosavuta, monga ndolo kapena zovala, wosunga amalipira ngati alibe mboni. Ng'ombe kapena nyumba ayi.

Mayi a ku Makata: Loko wake uti? Mashini anga anali pabalaza, akusokera mayunifolomu a sukulu. Ndinasiya ulusi woyera, amene anawaona akuti munali wobiriwira.

Msungichuma: Tinasokerapo kawiri kokha, mayi, kuopa dzimbiri.

A Shehe: Aaa, a Msungichuma, mwadzimanga nokha. Kugwiritsa ntchito chikole popanda chilolezo cha mwini kumachotsa amana, ngakhale kwa Shafi'i. Mtengo wonse uli pa inu. Dzimbiri amaletsa ndi mafuta.

Tcheya: Ndiye masamu ndi awa: K200,000 kuchotsa K150,000, mayi a ku Makata alandire K50,000, ngongole itsekedwe. Koma bokosi laperewera K150,000, ndipo thumba la zadzidzidzi ndi la matenda ndi maliro, tisalikhudze. A Msungichuma, tidule pa masheya anu pogawana mu Disembala, kapena muzipereka sabata ndi sabata?

Msungichuma: Chikole chinali cha gulu, osati changa. Bwanji ndilipire ndekha?

Mlembi: Lachinayi 2 koloko, ndibwera ndi kope lomwe tinasainirana.