Ndikunyamula zitsulo koma thupi silikudzadza, ndi ukalamba kapena?

Wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Abale ndithandizeni, ndinayamba kunyamula zitsulo pa kajimu kena kuno ku Matawale dzinja lapitali koma mikono ili pomwepo, mimba yokha ndiyo ikutsogola. Ndili mnyamata ndinkangonyamula zitini za simenti kuseri kwa nyumba posakhalitsa malaya ayamba kuthina. Pano mwini jimu wakwezanso mtengo chonsecho benchi ndi imodzi yong'ambika, tianyamata timakhalapo kumadzijambula, ukati ndipatseniko akuti dikirani madala. Kunyumba nako mayi akuti ndalama ya ndiwo ikuthera zitsulo mwina pali amene ndikufuna kumusangalatsa, mlamu wanga naye walowererapo pomwe ngongole yanga sanabweze. Kodi munthu ukakula minofu imasiya kukula? Ndisiye?

Namwino wa ku Chinamwali: Bambo za mlamu tamva, nanga zaka zanu ndi zingati? Mumapita kangati pa sabata? BP munayezetsa?

Sajeni wopuma: ULESI BASI. Ukalamba wake uti? Ife tili ku Cobbe Barracks tinkakwera phiri mothamanga mpaka Ku Chawe chikwama kumsana. Muzidzuka 4 koloko TSIKU LILILONSE osapuma.

Wa ku Chanco: A Sajeni tsiku lililonse ndiye mumuvulaza munthu. Minofu imakula nthawi yopuma, mbali imene mwaivutitsa lero ipatseni masiku awiri. Ukalamba ulipo ndithu, ukapitirira zaka 30 minofu imachepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ukadutsa 60 zimachita kuthamanga. Koma sikuti imasiya kumva zitsulo ayi, mu 1990 ku Boston anachititsa agogo a zaka za m'ma 90 masewera a zitsulo kwa masabata 8, mphamvu za miyendo zinaposa kuwirikiza kawiri ndipo minofu ya ntchafu inakula pafupifupi 9 peresenti.

Sajeni wopuma: Za ku Boston zisiyeni ku Boston komweko mphwanga. Inu munayamba mwanyamulapo chani kupatula laputopu?

Mayi wageni mumsika: Kkkkk mayiwo akudziwa chimene akunena. Anga anayambanso chonchi, jimu jimu, kenako perefyumu, kenako pasiwedi pa foni, pano ali kwa wina ku Sadzi ana ndikulera ndekha.

Wazitsamba: Nkhani apa ndi mphamvu zachimuna zatsika. Gondolosi alipo, bwerani ku inbox.

Wa kabaza: Ine musandiuze za zitsulo, ndinafuna kupikisana ndi ana pa deadlift, ija yowerama kunyamula chitsulo kuchokera pansi, msana unachita kuti phwa, mpaka lero kukwera njinga ndi nkhondo.

Namwino wa ku Chinamwali: Gondolosi sakulitsa minofu chonde. Testosterone, homoni yachimuna ija, imatsikadi pang'onopang'ono koma ambiri chimawagwetsa ndi mbale. Thupi la wamkulu limachedwa kumva mapulotini, limafuna magalamu pafupifupi 30 pa chakudya chimodzi kuti liyambe kumanga bwino, pomwe dzira limodzi lili ndi 6 okha. Ndiye ngati m'mawa ndi tiyi ndi mbatata, masana nsima ya mpiru, mukuvutika chabe. Matemba, usipa, soya pieces, nyemba, chambiko, muzigawa m'mawa masana ndi madzulo. Ngati impso zili ndi vuto yambani mwaonana ndi adokotala, ndipo wa BP asamagwire mpweya ponyamula.

Sajeni wopuma: MAGALAMU?? Tiziyenda ndi sikelo pa nsima tsopano? Ife nyemba za anankafumbwe zomwezo tinali adzitho.

Wa ku Chanco: Nyembazo ndi mapulotini amene akunenedwawo bwana kkkk. Afunsi, muzilemba mu kope makilo amene mukunyamula, akayamba kupepuka muziwonjezera pang'ono. Masabata oyamba mphamvu zimabwera kaye, kudzadza kumachedwa.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Koma mayi wa mumsika musandiyerekeze ndi amuna anu, ine ndine mkulu wampingo. Mlamuyo wabweranso dzulo akuti ndimubwereke ina.

Namwino wa ku Chinamwali: Bambo ZAKA.

Sajeni wopuma: Zaka zilibe ntchito amayi. Iwe wa Chanco Loweruka 5 koloko tikumane pa msewu wokwera kuphiri, ubwere ndi Boston yakoyo tione amene ayambe kukhala pansi.