Kulembetsa ana ochokera ku Malawi m'sukulu za boma ku New York

MayiWaAwiri:
Moni nonse. Ana anga awiri akubwera ku Bronx mu Ogasiti. Wamng'ono akwanitsa zaka 5 mu Novembala, wamkulu wangomaliza Fomu 2. Tikukhala kwa achemwali anga, ndiye pepala la nyumba silili m'dzina langa. Ndiyambire pati, nanga ndiitanitse mapepala ati kumudzi?

Nyenyezi_Queens:
Amayi, ana awiriwa njira zawo n'zosiyana. Mzinda wa New York umawerenga chaka chobadwa: mwana amalowa kindergarten, kalasi yokonzekera giredi 1, chaka chimene akukwanitsa zaka 5, ngakhale litakhala tsiku la 31 Disembala. Wanuyo ayamba mu Seputembala mommuno. Nthawi yofunsira malo pa webusaiti ya MySchools imakhala m'nyengo yozizira, ndiye yakudutsani, koma musadandaule. Keyala yanu ili ndi sukulu yake, imene amati zoned school, ndipo mungapite kumeneko mwachindunji. Chenjerani pamodzi pokha: mzindawu udagawidwa m'madisitirikiti 32, ndipo atatu mwa iwo, 1, 7 ndi 23, alibe sukulu za pulaimale zotsata keyala. Nambala 7 ndi kum'mwera kwa Bronx. Ngati muli kumeneko, pitani ku Family Welcome Center, ofesi ya mzinda yolembetserako ana sukulu.

Wamkuluyo ndiye palibe kuchitira mwina, mwana wa sekondale wobwera kumene amadzera ku Family Welcome Center basi. Mupite naye limodzi.

Za nyumba: amafuna mapepala awiri osonyeza kumene mukukhala. Popeza lendi ili m'dzina la achemwali, pemphani fomu ya Parent Affidavit of Residency. Za viza safunsa, ndipo khoti lalikulu la dziko lino lidagamula mu 1982, pa mlandu wa Plyler v. Doe, kuti mwana sakanizidwa sukulu chifukwa chosowa mapepala olowera m'dziko.

AphunzitsiAkale:
Ndiwonjezere za wa Fomu 2, chifukwa apa ndi pamene ambiri amataya chaka. Zaka 8 za pulaimale ndi 4 za sekondale kwathu zimagwirizana ndi magiredi 12 a kuno, choncho Fomu 1 ndi giredi 9, Fomu 2 ndi giredi 10. Koma kuno satsata dzina la kalasi, amawerenga makirediti, mapointi amene mwana amapeza akakhoza phunziro. Kuti mwana alandire dipuloma ya sekondale pafunika 44: Chingelezi 8, mbiri ndi za chikhalidwe 8, masamu 6, sayansi 6, masewera olimbitsa thupi 4, zaluso 2, chilankhulo china 2, zaumoyo 1, ndi 7 osankha yekha. Sukulu imapereka makirediti poona malipoti ochokera kwanu. Satifiketi ya JCE payokha siikwanira, chifukwa imangoonetsa zotsatira za mayeso osati zimene adaphunzira teremu ndi teremu. Itanitsani malipoti onse asanu ndi limodzi, a Fomu 1 ndi Fomu 2, okhala ndi chidindo cha ahedi. Ngati n'kotheka ahediwo alembe kalata yofotokoza mapiriyodi a phunziro lililonse pa sabata ndi tanthauzo la magiredi. Popanda zimenezi mwana angathe kubwezedwa ku giredi 9.

Palinso mayeso a boma la New York otchedwa Regents, asanu, okhozera pa 65. Amene wayamba sukulu ya boma la New York ali giredi 11 ahedi angathe kumumasula ku mayeso a Global History. Funsani nokha, si onse amakumbukira.

Sukulu zotchuka zija, Stuyvesant, Bronx Science ndi Brooklyn Tech, zimalowedwa ndi mayeso a SHSAT, amene amalemba a giredi 8 ndi 9 okha. Wamkuluyo zamupitirira.

MayiWaAwiri:
Zikomo kwambiri aphunzitsi. Nanga akafunsa chilankhulo cha pakhomo, ndinene Chingelezi kuti asamubweze?

AphunzitsiAkale:
Ayi, nenani zoona. Mukalemba Chichewa pa fomu yofunsa chilankhulo cha pakhomo amacheza ndi mwana, ndipo akaona kuti n'kofunika amamuyesa Chingelezi m'masiku 10 a sukulu. Akapezeka wofooka amamupatsa thandizo la ENL, lophunzitsa Chingelezi ngati chilankhulo chatsopano, ndi nthawi yowonjezera pa mayeso. Giredi yake satsitsa chifukwa cha zimenezi. Mwana amene amalemba bwino koma sakumva kalankhulidwe ka kuno thandizoli limamukomera.

Namwino_BX:
Musaiwale mabuku awo a kusikelo. Katemera wa chikuku wa kwathu ndi wa MR, alibe mbali ya matsagwidi, pamene kuno amafuna MMR kawiri. Wa katsabola kwathu sapereka n'komwe, kuno amafuna kawirinso, pokhapokha dokotala atsimikize kuti mwana adadwalapo. Wamkuluyo adzafunikanso Tdap, woteteza ku kafumbata, diphtheria ndi chifuwa chokoka mtima, ndi MenACWY, woteteza ku matenda oumitsa khosi. Dokotala adzadzaza fomu ya CH-205. Nthawi yoonetsa umboni ndi masiku 14, ndipo kwa ochokera kunja imatha kufika 30. Zokana katemera pa zifukwa za chipembedzo zidathetsedwa mu 2019.

Chakudya cha m'mawa ndi cha masana n'chaulere kwa ana onse. Wamkuluyo, ngati sukulu ili patali theka la mailo kapena kuposerapo, afunse khadi la OMNY ku ofesi ya sukulu: limalola maulendo anayi patsiku pa basi ndi sitima.