Gulu la Banja: Ulendo wa Amayi pa Tsiku la Anakubala

Achemwali aakulu: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya pa 15 Okutobala tiyambe kuikambirana lero nthawi ikadalipo. Amayi akuti Tsiku la Anakubala la chaka chino sakufuna kuligonera m'nyumba. Chichitireni opaleshoni ya bere ija, ulendo wawo wangokhala wa ku Gulupu ndi kubwerera basi. Ndiye tigwirizane zitatu: tiwatengere kuti, tipita angati, tisonkha zingati.

Achimwene a ku Joni: Zikomo achemwali poiyambitsa. Ine maganizo anga ali kunyanja, ku Mangochi. Akadye chambo chootcha, ana akasambire. Komanso bwanji tipite pa 4 kapena pa 5, chifukwa pa 15 penipenipo kunyanja kumadzaza, malo okhala osapezeka. Ine ndikhala nditafika kale.

Azakhali: Ana inu mundikhululukire, koma ine sindikugwirizana nazo. Munthu ali pa mankhwala amphamvu chonchija, tsitsi lonse lathothoka, chakudya akungolawa, ndiye mukufuna kumugwedeza m'galimoto tsiku lonse? Wodwala amafunika kugona. Tiyeni tingosonkhana pakhomo pawo, tiwagulire chitenje, tipemphere nawo, tibalalike.

Amalume a ku Zomba: Alamu, nkhawa yanu ndaimva ndipo si yopanda pake. Koma tili ndi namwino m'banja muno, tiyeni atiuze kaye. Apongozi, muli pomwepo?

Alamu anamwino: Ndilipo amalume, ndangoweruka kumene. Ndiyambe ndi masiku, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Amayi amalandira mankhwala awo masabata atatu alionse. Alandira pa 25 Seputembala, ndiye otsatira ndi pa 16 Okutobala. Mankhwala amenewa akamapha maselo a khansa amagwetsanso asilikali a m'magazi, aja amatiteteza ku matenda. Asilikaliwa amatsika kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni dilipi, kenako n'kuyamba kukweranso. Mukawerenga pa kalendala, masiku ovutawo agwa pa 2 mpaka pa 9 Okutobala. Bambo a kunyumba, pa 4 ndi pa 5 mwanenapo ndi pakatikati penipeni pa masiku amenewo. Chimfine wamba chikhoza kuwagoneka m'chipatala.

Alamu anamwino: Pa 15 ndi tsiku la 20. Nseru imakhala itatha, chakudya chikulowa, mphamvu zitabwererako. M'masabata atatu onsewo, palibe nthawi ina yabwino kuposa imeneyo.

Achimwene a ku Joni: Sindimadziwa kuti masiku amasiyana chonchi. Pa 4 ndapachotsa. Nanga kunyanjako?

Alamu anamwino: Kunyanja ndikukayika pa zifukwa zingapo. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mangochi ndi maola atatu kapena kuposerapo, kubwerera chimodzimodzi, mawa lake n'kulawirira kuchipatala kukatengedwa magazi. Dzuwa la Okutobala kumeneko mukulidziwa, ndipo mankhwalawa amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Kuli udzudzu, kuli likodzo m'madzi a m'mphepete, kuli chinamtindi cha anthu tsiku limenelo. Akadzamaliza mankhwala tidzapita, nyanja sithawa.

Azakhali: Mwaona? N'zomwe ndimanena ine. Akhale pakhomo.

Alamu anamwino: Ayi azakhali, pamenepo ndiye tasiyana. Kutopa kwa khansa si kuja kwa munthu wochoka kumunda, koti akagona adzuka ali bwino. Munthu akangogonera tsiku ndi tsiku, minofu ya m'miyendo imafooka, tulo ta usiku timasowa, m'mimba mumauma, mtima umagwa, ndipo kutopako kumawonjezekera. Madokotala a khansa masiku ano amalimbikitsa kuti wodwala aziyendako pang'ono ngati thupi likulola. Amayi tinagwirizana nawo kuti m'mawa dzuwa lisanawawe aziyenda mphindi 10 kapena 15, pa liwiro loti akhoza kumacheza akuyenda. Akayamba kupuma movutikira mpaka kulephera kumaliza chiganizo, aime. Masana agoneko, koma osapitirira ola limodzi kuti usiku asagubuduke.

Mzime: Zoona zimenezo azakhali, ndimayenda nawo ndine. Poyamba timangofika pa mpopi n'kubwerera, atatsamira phewa langa. Pano tikumafika pa tchalitchi, amakhala pa khonde kupumula, kenako timabwerera okha akuyenda osagwira munthu. Masiku atatu oyamba akalandira dilipi yofiira ija sititulukako, amangozungulira nyumba. Komanso masewera olimbitsa thupi aja anawaphunzitsa kuchipatala oyendetsa zala pakhoma kukweza mkono wa mbali ya opaleshoni sakuphonya. Tinalemba ndi choko pomwe zala zinkafika poyamba, pano apitirira ndi chikhatho chathunthu. Duku akumanga okha.

Mzime: Dikirani, ali pambali panga pano ndipo ndawawerengera zonse. Akuti ndilembe momwe akunenera.

Mzime: "Ana anga ndi inu alamu, zikomo pondidera nkhawa. Koma mukukamba za ine ngati ndili kutali. Ndikudwala inde, sindikukana, ndipo mankhwala sindidzalumpha ngakhale tsiku limodzi. Koma denga la kuchipinda kwanga ndaliyang'ana mokwanira. Anthu akabwera kudzandiona amalankhula monong'ona, nkhani yake imangokhala ya matenda. Ndikufuna tsiku limodzi ndikhale pansi pa mtengo, adzukulu azithamanga ndiziwakalipira, tidye limodzi, wina andifunse nkhani ina osati mwadzuka bwanji m'thupimo. Ndikatopa ndidzanena ndekha. Kunyanja kwatalika, ndavomereza. Mundipezere pafupi."

Azakhali: Alamu anga, mwandigwetsa misozi. Ine ndimangoopa kuti tingakuwonjezereni ululu. Ngati mtima wanu uli pamenepo, ine ndine woyamba kukwera galimoto.

Amalume a ku Zomba: Achemwali mwalankhula. Ndiye bwerani kuno. Kuchoka ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 70, msewu wa tala. Pamwamba pa phiri la Zomba pamazizira bwino ngakhale mu Okutobala, pomwe kumunsi kuno tikupsa. Pa damu la Mulunguzi pali malo athyathyathya, galimoto imafika pafupi, mithunzi ilipo. Mungoyala mikeka, achemwali aziona madzi. Akafuna kuyenda ayenda m'mbali mwa damu mtunda womwe angathe. Anyamata amene ali ndi miyendo apite okha ku mathithi a Williams. Ku Emperor's View kuja, komwe anakaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, n'kokongola koma msewu wake ndi wa mabampu, Sienta siyenera kukakamizidwa ndipo achemwali angagwedezeke kwambiri. Kumeneko tikusiye.

Achemwali aakulu: Amalume, koma msewu wokwera phiri uja ndi wokhotakhota. Amayi sadzachita nseru?

Alamu anamwino: Akhale mpando wa kutsogolo, windo lotsegula pang'ono, ndipo amwe mapilitsi awo oletsa kusanza tisananyamuke. Lamba wa pampando asadutse pa chilonda, tidzaika kapilo kakang'ono pakati. Woyendetsa akwere pang'onopang'ono.

Amalume a ku Zomba: Ndipo tikafika m'tauni n'kuona kuti sakupeza bwino, sitikwera. Munda wa maluwa wa boma uja uli m'munsi mwa phiri momwemo, mtsinje wa Mulunguzi umadutsa pakati, mitengo ikuluikulu, mthunzi wokhawokha. Kwathu kulinso bedi loyala kale ndi neti yake. Chipatala chachikulu cha Zomba chili pafupi ngati pangafunike kutero.

Achimwene a ku Joni: Zomba yapambana basi. Za chakudya ndiye mundisiyire, tidzagula kanyenya ndi tchipisi panjira kuti wina asavutike ndi kuphika.

Alamu anamwino: Inuyo ndi ana mudye za pachiwaya, koma Amayi ayi. Chakudya chawo chikhale chophika kunyumba tsiku lomwelo, chopsa bwino, chodya chikadali chotentha. Mkute ayi, saladi wa kabichi wosaphika ayi, mazira osapsetsa ayi. Madzi awo tiwiritse kunyumba titenge m'botolo. Masitiroberi amene anyamata amagulitsa m'njira yokwera phiri asadye pomwepo, tidzatsuke kaye bwinobwino. Nthochi ndi manachesi, zosenda okha, zilibe vuto.

Mzime: Akuti nyama ya ng'ombe ikumawamvekera ngati akutafuna chitsulo. Zomwe zikulowa pano ndi nkhuku ya lokolo yowiritsa ya msuzi wambiri, mpunga wofewa, nkhwani wotendera ndi mbatata. Tsabola asaikemo, m'kamwa mumatuluka tizilonda. Akumachukucha ndi madzi a mchere ndi soda pang'ono akatha kudya.

Azakhali: Nkhuku ndibweretsa ine, ndili nazo ziwiri zonona. Ndidzaphika m'mamawa tidzaike mu fudu woma. Koma ndifunse chinthu china poti tili pamodzi. Kuno kuli munthu akugulitsa mankhwala a zitsamba a m'mabotolo, akuti amasungunula chotupa. Anthu akumutama. Ndiwagulire alamu aziphatikiza?

Alamu anamwino: Azakhali, ndikudziwa kuti ndi chikondi, koma chonde musagule. M'botolomo sitidziwa muli chiyani ndiponso mlingo wake. Chiwindi ndi impso za Amayi zikugwira kale ntchito yaikulu yosefa mankhwala a kuchipatala, ndipo zitsamba zina zimasokoneza kagwiridwe ka mankhwalawo. Magazi akapezeka kuti sali bwino, dilipi amaiimitsa kaye, ndiye tachedwetsa chithandizo chenicheni. Chilichonse chomwe wina akufuna kuwapatsa, ngakhale mavitamini a ku Joni, chiyambe chadutsa kwa dokotala wawo.

Achimwene a ku Joni: Ndamva mayi a kunyumba. Ndinagula kale mabotolo awiri a mavitamini, ndidzapita nawo pa 16 dokotala akaone.

Azakhali: Chabwino, ndazisiya. Ndalamayo ndigulira mpunga wa Kilombero.

Achemwali aakulu: Nanga ana? Tikatenga onse akwana minibasi.

Alamu anamwino: Abwere, n'zomwe agogo awo akufuna. Koma tipangane lero kuti pasadzakhale kukhumudwa: mwana kapena wamkulu amene adzadzuke ndi chimfine, chifuwa, kutsekula m'mimba kapena katsabola atsale. Khansa siipatsirana, palibe amene angaitenge podya mbale imodzi ndi Amayi kapena kuwakumbatira. Ndi ifeyo amene tikhoza kuwapatsira matenda. Tidzatenge sopo ndi chigubu cha madzi osamba m'manja. Adzukulu aang'ono asawanyamule ndi mkono wa mbali ya opaleshoni, ungatupe. Aziwakhazika pamiyendo atakhala pansi.

Alamu anamwino: China chomwe aliyense achisunge pamtima, osati pa ulendo wokhawu. Thupi likatentha kufika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, si nkhani ya Panado n'kudikira kuche. Ndi kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukafika munene kuti ali pa mankhwala a khansa. Choyezera kutentha, buku lawo la kuchipatala ndi mapilitsi onse zidzakhala m'chikwama changa. Ndipo sabata ino tikamapita kukaonana ndi dokotala ndikamufotokozera za ulendowu. Iyeyo akati ayi, tidzaphikira pakhomo monga ananenera azakhali.

Achemwali aakulu: Zamveka. Poti akazi tonse tili pano, ndinenenso ichi. Amayi anachipeza chotupa chija okha posamba, n'kupita kuchipatala osachedwa. Tonse tiziona mawere athu mwezi ndi mwezi, ndipo amene sanayezetse khomo la chiberekero apite, m'zipatala za boma n'zaulere. Atsikana a zaka 9 katemera wa HPV uja, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero, anayamba mu 2019, wanga analandira. Amene ali ndi mwana wa msinkhu umenewo akafunse.

Mzime: Amayi akuti mawu amenewo muwabwereze pa 15 onse ali pamodzi. Akutinso afuna wailesi yaing'ono ija, mpando wawo wopinda, ndi juzi yobiriwira chifukwa akudziwa kuti ku phiri kumazizira. Akufunsa ngati wina angabweretse bawo, akuti amalume anawadya komaliza ndipo ngongole ikadalipo.

Amalume a ku Zomba: Bawo lilipo, achemwali akonzeke.

Achemwali aakulu: Tsopano ndalama. Galimoto ziwiri, yanga ndi ya achimwene, kuphatikiza mafuta, zakumwa, makala ndi zolipira polowera. Ndikuganiza K30,000 banja lililonse, chotsala chipite ku thumba la mayendedwe a Amayi a kuchipatala. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba yanga pasanafike pa 8 kuti mafuta ndigule msanga ndikangowapeza. Azakhali musasonkhe, nkhuku ndi mpunga zakwana.

Achimwene a ku Joni: Ine nditumiza ya mabanja awiri, ya mzime ikhale pa ine. Iyeyo akusonkha kale ndi miyendo m'mawa uliwonse.

Mzime: Zikomo achimwene 🙏

Alamu anamwino: Nthawi tipange motere. Kunyamuka 7 koloko Amayi atamwa phala ndi mapilitsi. Kuima kamodzi panjira awongole miyendo. Akadya nkhomaliro agoneko pa mkeka, ana apite kosewera kutali pang'ono. Ikamakwana 2 koloko tiyambe kutsika, kuti akafike kunyumba kukadali kowala, asambe, agone msanga. Mawa lake ndi tsiku la dilipi.

Azakhali: Ine ndidzagona komweko pa 14 kuti nkhuku ndidzaphikire pa mbaula yawo. Mzime, undisungire malo.

Mzime: Malo alipo azakhali. Amayi akuti mubwere ndi nsinjiro za kwanu, za kuno sizikuwakomera.

Achemwali aakulu: Amene akupita alembe dzina ndi chiwerengero cha ana pofika Lamlungu madzulo, ndidziwe ngati galimoto ziwiri zikwana kapena tipemphe yachitatu kwa amalume.

Amalume a ku Zomba: Yanga ilipo, ndidzakudikirani m'tauni tidzakwere limodzi. Mukadzadutsa pa Namadzi mudzandiimbire.