Zilembo za pachikwangwani cha laibulale

Mlembi: Abale, khoma lauma, penti tapaka, chatsala ndi chikwangwani cha pakhomo. Ndatumiza zitsanzo ziwiri. Choyamba ndi zilembo zonenepa zokhala ndi timichira kumapeto, zija amati serif. Chachiwiri zilibe timichira. Tisankhe lisanafike Loweruka.

Msungichuma: Zilembo ndi zilembo basi, bola anthu awerenge.

Aphunzitsi opuma: Ayi bambo Msungichuma, si choncho. Choyambacho dzina lake ndi Clarendon, chinatuluka ku London mu 1845 kudzera mwa a Robert Besley. Tayang'anitsitsani R: mapazi ake ndi okhuthala, ndipo akulowa m'thupi la chilembo mokhota pang'ono, osati mongodula. Osindikiza madikishonale ankakonda zilembo zotere pa mawu otsogolera kuti diso lifikire pomwepo. Ku America zinakhala zaka zambiri pa zikwangwani za m'mapaki a boma. Nyumba ya mabuku izioneka kuti ili ndi mizu.

Wa achinyamata: Pepani aphunzitsi, koma zimenezi zikuoneka zachikale. Zikwangwani za m'misewu ya ku Britain, zomwe anakonza Jock Kinneir ndi Margaret Calvert, zilibe timichira, ndipo zimawerengeka munthu ali patali.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe, zimenezo anakonzera woyendetsa galimoto amene ali pa liwiro. Obwera ku laibulale amafika n'kuima pakhomo.

Wolemba zikwangwani: Ndilankhuleko ine wogwira burashi. Choyambacho ndachikonda, koma musadzandisinthire n'kundipatsa zilembo za mtundu wa Bodoni kapena Times New Roman poganiza kuti zonse n'zimodzi. Zimenezo zili ndi mizere ina yopyapyala kwambiri. Chaka china ndinalembera munthu zoterozo, dzuwa ndi mvula zitamenya, kamzere ka pakati pa H kanafufutika, panangotsala mizati iwiri. Clarendon ngakhale mzere wake wochepa ndi wokhuthalabe. Vuto lake n'loti imadya malo, ndi yotakata. Komanso nthawi zotsegulira musandiuze kuti ndilembe ndi zilembo zonenepazi. Zikachepa, timabowo ta e ndi a timatsekeka ndi penti.

Mlembi: Nanga tikafuna kulemba YOŴERENGERA ndi kachipewa pa W?

Wolemba zikwangwani: Pa burashi ndiika ndekha. Koma mukasindikiza pa kompyuta muyambe mwaona, mitundu ina ya zilembo ilibe Ŵ, imangoika kabokosi kapena kubwereka chilembo cha mtundu wina.

Wa achinyamata: Chabwino, dzina lilembedwe ndi zilembo zomwe asankha aphunzitsi, koma nthawi zotsegulira mundisiyire zopanda timichira.

Wapampando: Tamvana. A Mlembi, sindikizani dzinalo papepala pa msinkhu wake weniweni, tikalimate pakhoma Loweruka, tikaime kutsidya kwa msewu tione.

Msungichuma: Mwati ndi yotakata? Ndiye muyeze kaye thabwa lomwe tili nalo, lina sindigula.