Zatheka: ndasamukira ku GNU IceCat

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija lofuna browser yofanana ndi Firefox koma yopanda kachidutswa kalikonse kobisa code yake. Ambiri munatchula IceCat, ena LibreWolf. Ndinatsatira a IceCat, ndipo ndinayiika kudzera pa Guix, pulogalamu yoyikira mapulogalamu ena, polemba guix install icecat.

Kusamutsa zinthu kuchokera ku Firefox sikunavute. Mu Firefox tsegulani about:profiles kuti muone foda ya profile yakale (momwe browser imasungira zinthu zanu), tsekani browser zonse ziwiri, kenako kopani places.sqlite, momwe muli ma bookmark ndi mbiri ya masamba, muyiike mu foda ya profile ya IceCat. Mapasiwedi ali mu logins.json, koma mutenge limodzi ndi key4.db, mukasiya iyi satseguka, chifukwa kiyi yake ili mmenemo. Musakope foda yonse. IceCat imachokera ku Firefox ESR, mtundu wa Firefox womwe susinthidwa pafupipafupi, ndiye ingakane profile yomwe yagwiritsidwapo ntchito ndi Firefox yatsopano kuposa iyo.

Chimene chimadabwitsa poyamba ndi LibreJS, kapulogalamu kowonjezera kamene kamabwera ndi IceCat. Imaletsa JavaScript (code yoyendetsa zinthu pa masamba) yosasonyeza laisensi yaufulu, kupatula yaing'ono kwambiri, choncho masamba ena amatseguka theka, mabatani osagwira ntchito. Si kuti browser yawonongeka ayi. Dinani kachizindikiro ka LibreJS, muone zomwe yatsekereza, mulole tsambalo ngati mukulidalira. Kunena zoona, pa masamba odzaza mafomu zimatopetsa ndithu.

Mafilimu otetezedwa ndi DRM, loko yoletsa kukopera, ndiye iwalani, chifukwa Widevine, pulogalamu yowatsegulira, mulibemo.

Amene munandilangiza LibreWolf simunalakwitse, masamba ambiri amayenda bwino pa iyo. Ingodziwani kuti imafufuta ma cookie mukaitseka, ndiye mudzilowanso muakaunti nthawi zonse pokhapokha mutaika tsambalo pa mndandanda wa opatulidwa.