Mbalame ziwiri za ku Lunyangwa, ndilembe chiyani pa mndandanda wa alendo?

Wa ku Chibavi:
Akuluakulu mwadzuka bwanji. Dzulo ndinali ndi alendo awiri oonera mbalame cha ku damu la Lunyangwa ku Mzuzu kuno. M'mabulugamu munatuluka mbalame ziwiri zogwira anapiye, ina yaikulu ngati khwangwala, ina yocheperapo. Ine ndinati yaikuluyo ndi hawk, yaing'onoyo ndi falcon. Mmodzi mwa alendowo, mayi wachizungu, anangomwetulira, osalemba kanthu m'kabuku kake. Mawa tikunyamuka kupita ku Nyika ndipo akufuna mndandanda usiku uno. Ndinalakwa pati?

Madala a ku Chelinda:
Mphwanga, anakuphunzitsa ndani kuti falcon ndi yaing'ono nthawi zonse? Lanner falcon imatalika masentimita 40 mpaka 50 kuchokera ku mulomo kukafika ku mchira, pafupifupi khwangwala amene. Little sparrowhawk, yomwe ili m'gulu la ma hawk, sipitirira masentimita 27, ndi njiwa chabe. Ukayendera msinkhu wokha udzagwa tsiku lililonse.

Chemwali wa ku Katoto:
Vuto lina ndi mayina athu. Kumudzi chilichonse chogwira anapiye timangoti kabawi kapena mphamba, agogo sankafunsa za mapiko ayi. Ndiye achimwene tiuzeni, mapiko anali otani? Nanga mchira?

Wa ku Chibavi:
Mapiko otambalala, kunsonga obulungira. Mchira wautali ndithu. Kumsana zakuda, kumimba zoyera. Zimakupiza kangapo kenako kuyandama, kukupizanso. Yaing'onoyo inathamangitsa njiwa pakati pa mitengo osagunda nthambi ngakhale imodzi.

Chemwali wa ku Katoto:
Zonse ziwiri zimaoneka choncho?

Wa ku Chibavi:
Eya, mtundu unali umodzi. Kusiyana kunali msinkhu basi.

Madala a ku Chelinda:
Ndiyetu panalibe falcon pamenepo. Unaona black sparrowhawk, mwamuna ndi mkazi wake. Pa mbalame zolusazi yaikazi ndiyo imakula. Pa mtundu umenewu yaimuna imalemera cha m'ma hafu kilo, yaikazi imayandikira kilo yathunthu. Zimakonda kumanga zisa m'mitengo italiitali yobzala ngati bulugamu ndi paini, n'chifukwa chake kuno ndi ku Chikangawa kumaziyanja. Falcon sikanalowa m'nkhalango yothithikana kuthamangitsa njiwa. Mapiko ake ndi aatali, osongoka ngati chikwakwa, imafuna poyera. Imakwera m'mwamba n'kutsika ngati mwala. Peregrine, mtundu wina wa falcon, potsika choncho imapitirira makilomita 300 pa ola.

Wa ku Luwinga:
Madala, osathamanga. African goshawk nayo yaikazi imakula kuposa yaimuna, ndipo imapezeka m'mitengo ya m'tauni muno. Sizingakhale zimenezo?

Madala a ku Chelinda:
Goshawk pachifuwa imakhala ndi timizere topingasa, ndipo ngakhale yaikazi siifika thupi la khwangwala. Mnyamatayu wati kumimba zoyera. Mphwanga, timizere unationa?

Wa ku Chibavi:
Ayi. Zoyera mbee, kuda kunali m'mbali cha ku ntchafu kokha.

Wa ku Luwinga:
Ndagonja, ndi black sparrowhawk.

Chemwali wa ku Katoto:
Ine mlendo akandifunsa ndimayamba ndi nkhope ngati mbalame yatera. Falcon diso lake ndi lakuda bii, ndipo kunsi kwa diso kumatsika mzere wakuda ngati ndevu. Pa mulomo wam'mwamba pali kadzino komwe imathyolera khosi la chomwe yagwira. Ma hawk ambiri maso ndi achikasu kapena ofiira, ndipo amapha ndi zikhadabo. Alendo amakondanso kumva kuti kafukufuku wa DNA anaonetsa kuti falcon ndi wachibale wa zinkhwe kuposa wa hawk. Ukanena zimenezo ndalama ya fanta imatuluka yokha.

Wa ku Luwinga:
Ndipo mvula ikayamba uzipenya pa mawaya a magetsi. Amur falcon zimabwera m'magulu, tating'ono, masentimita 30 osapitirira. Zimachokera ku Siberia ndi kumpoto kwa China, kudzera ku India, n'kuwoloka nyanja ya Indian kufika kuno. Zimadya ziwala ndi inswa, anapiye alibe nazo mlandu. Zimenezo ndiye ukati falcon yaing'ono palibe angakutsutse.

Wa ku Chibavi:
Ndamva akuluakulu. Ndilemba black sparrowhawk ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Koma kwa mayi aja ndinene kuti chiyani? Manyazi andigwira.

Madala a ku Chelinda:
Auze pa chakudya cham'mawa kuti unabwerera ku buku ndipo wakonza. Anthu oonera mbalame amalemekeza zimenezo, akudziwa kale yankho. Ku Nyika uyang'anitsitse m'matanthwe ndi pa udzu poyera, lanner imapezeka. Ukaiona yamba ndi mapiko, kenako pamutu, pamakhala pofiirira.

Chemwali wa ku Katoto:
Ndipo unyamule jekete, ku Chelinda m'mawa zala zimakana kugwira mabainokyula.